Azakhali, dzina la mnyamatayo lidikire kaye

Azakhali, mwadzuka bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali ya usiku, ndangolowa kumene m'nyumba. Mauthenga anu onse ndamvetsera. Pepani kwambiri ndi zakugolosalezo. Shuga, mafuta ophikira, ndalama za sabata yonse, ayi ndithu zandiwawa. Chachikulu inuyo sanakuvulazeni.

Ndiye mwafunsa ngati DNA imene mumaimva pa TV, chizindikiro cha m'thupi chimene amayeza posiyanitsa anthu, ingatsimikize kuti wathyola ndi mnyamata wa kuseri kwa chigayo uja, poti mwati munamuona mutayatsa tochi akudumpha mpanda. Mwatinso mukufuna dzina lake lipite kwa amfumu ndi kwa achitetezo a m'mudzi lero lomwe. Azakhali, ndagwira mwendo wanu, dzinalo lidikire kaye. Ndifotokoza chifukwa chake.

Koma poyamba izi, chifukwa zikhoza kuonongeka m'mawa uno. Musakolope, musapukute kauntala, bokosi la ndalama lisagwidwe, ana asalowemo. Chala cha munthu chili ndi timizere, ndipo thukuta ndi mafuta a pakhungu zimasiya chidindo pa chilichonse chosalala: galasi, botolo, chitini, chitsulo. Pa njerwa kapena pa thumba la ufa sichigwira bwino. Apolisi amapakapo kaufa ndi kaburashi kofewa, chidindo chija nkuonekera, kenako amachinyamula ndi tepi. Timizere timeneti timapangika mwana adakali m'mimba ndipo sitisintha mpaka kukalamba. Ngakhale mapasa ofanana zala zawo zimasiyana. Mukukumbuka mu 2017 polembetsa chitupa cha unzika, anakuikitsani zala pa kamakina kaja? Nzeru yake ndi yomweyo.

Kungoti chidindo chimangonena kuti munthu anagwirapo, sichinena kuti anagwira liti. Mnyamatayo si amabwera kudzagula sopo ndi mayunitsi pomwepo? Chala chake chikapezeka pakauntala, palibe mlandu. Chikapezeka mkati mwa bokosi la ndalama, kapena pachitsulo chimene anathyolera chitseko, apo ndiye pali nkhani. Ndipo musadabwe akakupemphani inuyo ndi ana kuti nanunso mudinde, amatero pofuna kupatula zala za eni nyumba. Magazi aja mwati ali pagalasi losweka, musatsuke ayi, muwaonetse apolisi. M'magazi ndi momwe muli DNA yo.

Tsopano za DNA zo, mwafunsa munthu woyenera, chifukwa zoyeza DNA pamilandu zinayambira konkuno ku Leicester, ku England. Agogo ena amene ndimawasamalira kuntchito amaikamba nkhaniyi ngati yadzulo. Mu 1984 mphunzitsi wa pa yunivesite ya kuno, Alec Jeffreys, anatulukira njira yosiyanitsira anthu poyeza DNA. Nthawi yomweyo m'midzi yapafupi ndi pano, ku Narborough ndi ku Enderby, kunali maliro: atsikana awiri a zaka 15 anagwiriridwa nkuphedwa, wina mu 1983, wina mu 1986. Apolisi anagwira mnyamata wa zaka 17, ndipo atamufunsa kwa nthawi yaitali anavomera kuti wachiwiriyo anapha ndi iye. Anavomera ndi pakamwa pake, Azakhali. Apolisi anapita kwa Jeffreys kuti awathandize kumumangirira mlandu woyambawo. Zotsatira zitabwera zinaonetsa kuti atsikana onse awiri anawapha ndi munthu mmodzi, koma munthuyo sanali mnyamata uja. Anamumasula.

Kenako mu 1987 amuna oposa 5,000 a m'deralo anapereka magazi. Wakuphayo, Colin Pitchfork, amene ankagwira ntchito yophika buledi, ananyengerera mnzake wa kuntchito kuti akapereke magazi m'dzina lake. Zinaululika mnzakeyo atalankhula ku bala, mayi wina nkumva, nkukanena kupolisi. Pitchfork anagwidwa chaka chomwecho, ndipo mu 1988 anaweruzidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Chimene chimandikhudza ine nchakuti ntchito yoyamba imene DNA inagwira pamlanduwu inali yopulumutsa mwana wa eni amene aliyense anali atamuweruza kale.

Mwina muti, iyayi, ine ndinamuona. Sindikuti mukunama, inu si munthu wonamizira mwana wa mnzanu, tonse timakudziwani. Koma tamvani iyi. Ku America, ku North Carolina, mu 1984, mtsikana wa pasukulu yaukachenjede, Jennifer Thompson, analoweredwa m'nyumba usiku nkugwiriridwa. Zikuchitika choncho, iye analimba mtima nkumayang'anitsitsa nkhope ya munthuyo dala, kuti akapulumuka adzamuloze. Apolisi atamuonetsa zithunzi analoza Ronald Cotton. Atawaimika amuna pamzere analozanso yemweyo. Kukhoti analumbira kuti sakukayika ngakhale pang'ono. Cotton anakhala m'ndende zaka zoposa 10, mpaka mu 1995 pamene DNA inaonetsa kuti anali munthu wina, Bobby Poole. Mtsikanayo sananame. Anakhulupirira ndi mtima wake wonse, ndipo atadziwa zoona anasweka mtima, anachita kukamupepesa Cotton pamaso. Iye anamuona munthuyo pafupi, kwa nthawi ndithu. Inu munaona munthu akuthawa, mumdima, ndi tochi ya pafoni, mtima ukugunda.

Mutu wa munthu umatero, Azakhali. Ukaona msinkhu, kayendedwe, chipewa, umafulumira kuikapo nkhope imene ukuidziwa kale, makamaka ya munthu amene mbiri yake siili bwino m'mudzi. Ndipo ukamaibwereza nkhaniyo kwa anthu, kukayika kuja kumatha pang'onopang'ono. Usiku uja mu uthenga woyamba munati "akuoneka ngati". M'mawa uno mwati "ndi yemweyo". Ndamvetsera kawiri kuti nditsimikize. Nchifukwa chake ndikupempha achimwene amene aponya chithunzi cha mnyamatayo pagulu pano kuti achichotse. Azakhali akachiyang'ana kangapo, nkhope ya pachithunziyo ilowa m'malo mwa imene anaiona usiku, ndipo tsiku limene apolisi adzaimike anthu pamzere adzaloza chithunzi, osati wakuba.

Mantha anga enieni ndi awa. Mukudziwa zimene zimachitika pamsika munthu mmodzi akangokuwa kuti wakuba. Palibe amene amafunsa za zala kapena magazi. Miyala, zibonga, mwina petulo. Mnyamata uja ali ndi amayi ake, mumakumana nawo kumjigo ndi kumaliro. Akakhala kuti ndi iyeyo, umboni umugwira, ndipo ine ndidzakhala woyamba kunena kuti abweze katundu wanu. Koma akakhala kuti si iye, anyamata atamupweteka kale, mudzagona nazo bwanji?

Ndiye pitani kupolisi m'mawa uno, bambo anga akuperekezeni. Kanenani zimene maso anaona basi: wamtali kapena wamfupi, anavala chiyani, anathawira mbali iti, inali nthawi yanji. Ngati mukumuganizira mnyamatayo, auzeni apolisiwo kuti mukumuganizira, muwauzenso kuti kunali mdima. Lembaninso zonse zimene zabedwa, mitundu yake ndi kuchuluka kwake, chifukwa katundu wa m'golosale amatulukira msanga akayamba kugulitsidwa motchipa.

Lachisanu ndikalandira nditumiza kangachepe kogulira maloko ena ndi galasi. Ndigone kaye pang'ono, maso akulemera. Ndikuimbirani madzulo mundiuze zimene apolisi anena.