Akukanani ku magazini, ndiye mukuti mudzigulitsira nokha pa foni?

Mphunzitsi wina wachinyamata wa ku Area 25 wandilembera imelo. Akuti watopa kutumiza nkhani zake zazifupi ku magazini akunja n'kumangolandira yankho limodzimodzi lakuti pepani, sitiitenga. Akufunsa ngati n'kwanzeru kungozisonkhanitsa zonse, kupanga ebook, buku lowerengera pa foni kapena kompyuta, n'kumagulitsa yekha.

Achimwene, ndikuyankhani, koma mwandiponda pachilonda, ndiye mundipirire.

Makalata okanira aja ndimawadziwa bwino lomwe. Ambiri amafika pakati pa usiku, poti ku America kumakhala kukadali masana. Umadzuka m'mamawa, kuyatsa data, foni n'kulira, ndipo mzere woyamba wokha umakhala wamaliza kale mlandu. Akayamba n'kukuthokoza kwambiri chifukwa chowakhulupirira ndi ntchito yako, ingodziwa kuti zada. Pa Submittable paja, tsamba la pa intaneti lotumizirapo nkhani ku magazini, nkhani imagona miyezi pa mawu akuti "Received". Tsiku lina umapeza yasunthira pa "In-Progress", iwe n'kuyamba kuwerengera ndalama zomwe sunalandire, mwinanso kulonjeza mayi a kunyumba mbaula yatsopano. Kenako "Declined". Palibe chifukwa, palibe dzina la munthu, palibe ngakhale chizindikiro choti wina anafika pa tsamba lachiwiri.

Ine inalipo nkhani yanga ina ya maliro a kumudzi, chakuseri kwa Mitundu. Pakati pake panali adzukulu akukumba manda m'bandakucha, akuseka, akunyogodola malemuyo kuti anali woumira, akukana kupitiriza ntchito mpaka nsima ndi nkhuku zitafika. Inazungulira nkhani imeneyi. Mkonzi wina wa magazini ina yakunja, yemwe sindimutchula, anachita chifundo n'kundilembera mizere ingapo. Anati nkhaniyo ndi yabwino, koma nthabwala za kumanda zija zikuwononga chisoni, ndizichotse, kapena ndiwonjezere ndime yofotokozera owerenga chifukwa chimene anthu angasekere pamaliro. Ndinakana. Ukachotsa adzukulu, watsala ndi chiyani? Watsala ndi anthu akuda akulira pafupi ndi dzenje, chithunzi chomwe iwo ali nacho kale m'mutu. Iyenso anakana, tinasiyana mwaulemu.

Patapita nthawi ndinaimasulira m'Chichewa n'kukaiwerenga pa kamsonkhano ka olemba, Loweruka masana, m'kalasi ina yobwereka ku Kawale, mabenchi ake ogwedera. Kumbuyo kunakhala mayi ena achikulire, mphunzitsi wa Chichewa wopuma pantchito, atagwirizira ambulera pakati pa miyendo. Nditamaliza anthu anaomba m'manja monga mwa mwambo. Iwo sanaombe. Anangoti, "Bambo, nkhani ilipo. Koma adzukulu anuwo akulankhula ngati akuwerenga nkhani pa wailesi. Munawamvapo adzukulu akumaliza chiganizo?" Anatenga pepala langa, natulutsa bolopeni yofiira m'chikwama, n'kuyamba kudula mawu pakamwa pa ampangankhani anga mmodzimmodzi, uku akung'ung'udza. Pofika kumapeto tsamba linali lofiira ngati lagwera m'thobwa la mawere.

Anthu awiriwa onse anandikana. Koma woyamba anakana chifukwa sankadziwa maliro athu, wachiwiri anakana chifukwa ankawadziwa kundiposa. Ndiye mukati "akundikana", ndimafuna ndidziwe kaye kuti akukukanani ndani. Magazini ngati Granta amalandira nkhani zochuluka zedi pa malo ochepa kwambiri, moti kukanidwa kumeneko sikukuuzani kanthu za luso lanu. Mwina anali atatenga kale nkhani ina ya maliro mwezi umenewo. Chimene chimandiwawa ine si chimenecho. Chimandiwawa n'chakuti kuno kwathu tilibe malo okwanira oti munthu akakanidwe ndi womudziwa, m'chiyankhulo chake, n'kuuzidwa chifukwa.

Sizinali chonchi nthawi zonse. Samuel Josia Ntara analemba Nthondo m'Chichewa, napambana nayo mpikisano wa mabuku a m'ziyankhulo za mu Africa, n'kusindikizidwa mu 1933, ndipo Chingerezi chake chinabwera pambuyo. Taganizani, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, pafupi pomwepa. Mu 1970 ku Chancellor College kunayamba gulu la Writers Group, momwe munadutsa anthu ngati Jack Mapanje, Steve Chimombo, Frank Chipasula ndi Lupenga Mphande. Ntchito yawo inali yomweyi ya mayi a ambulera aja: kukumana, kugawana mapepala, kung'ambana popanda kunyengererana. Ndipo iwo anali ndi wowakana woopsa kuposa imelo. Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo la 1968 linapatsa mphamvu bungwe la boma kuletsa chilichonse, ndipo Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Tikamalira ndi "Declined" tizikumbukirako zimenezo, ngakhale sindikunena kuti ululu wanu ndi wabodza. Ku Limbe a Popular Publications ankatulutsa timabuku ta nthano totchipa, ndipo mayina ngati Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba anafika m'nyumba za anthu wamba kudzera m'mabuku a Chichewa. Lero osindikiza ambiri maso awo ali pa mabuku a sukulu, chifukwa ndiwo ali ndi msika wodziwika. Sindiwada. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, pepala ndi inki, zomwe zimachokera kunja, zinakwera moti palibe wamalonda angaike ndalama zake pa nthano za mlembi wosadziwika. Tatsala ndi masamba a nkhani zazifupi m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, ndi mipikisano ya apo ndi apo ngati ya Malawi Writers Union.

Choncho kudzisindikizira si tchimo. Chimombo yemweyo anayambitsa WASI, magazini ndi kampani yake yosindikiza, n'kumatulutsa mabuku ake. Upile Chisala anadzitulutsira yekha buku lake loyamba la ndakatulo mu 2015, ndipo kampani ya ku America ya Andrews McMeel inadzalitenga pambuyo pake anthu atalikonda kale. Amene amanyoza odzisindikizira ambiri sanayesepo kugogoda pa khomo la wosindikiza ndi nthano m'manja.

Koma pali mtundu wina wa kudzisindikizira umene ndafika podana nawo, ndipo ndinena mosabisa. Munthu wakanidwa Lolemba, wakwiya, pofika Lachisanu wasonkhanitsa zonse zomwe zili mu laputopu, ngakhale zomwe analemba ali Fomu 3, waika chikuto chokhala ndi nkhope yake atagwira chibwano, walengeza pa Facebook kuti tsopano ndi mlembi. Kenako mwambo wokhazikitsa buku ku hotela, mlendo wolemekezeka n'kugula kope limodzi pa mtengo wa njinga yamoto, azakhali n'kufupa, zithunzi n'kujambulidwa. Mabuku otsala amakagona pansi pa bedi. Funsani aliyense mwa omwe anaomba m'manja tsiku limenelo kuti nkhani yachitatu ikukamba za chiyani, muona akuyang'ana kumbali. Uku si kufalitsa nthano, ndi chinkhoswe. Ndipo chimene chimapweteka n'chakuti wowerenga amene wagula ka ebook kodzaza ndi zolakwika, mayina a ampangankhani akusinthasintha pakati pa nkhani, sadzagulanso ka mnzako. Amangoti zolemba za Amalawi ndi choncho. Mkwiyo wa munthu mmodzi timalipira tonse. Mkonzi wa magazini mukhoza kumulambalala, palibe vuto. Bolopeni yofiira ija ndiye simungailambalale, ndipo ngati palibe woigwira, bukulo lisatuluke. Pamenepa sindisintha maganizo.

Ndanena za ebook ngati kuti ndi chinthu chimodzi, pamene kuno ku Lilongwe mawuwa amatanthauza PDF ya pa WhatsApp. Ndinayesapo. Ndinasonkhanitsa nkhani zingapo, mnzanga wina wojambula anandikonzera chikuto, ndinalengeza pa status kuti tumizani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, munditumizire sikirinishoti, ndikupatsani buku. Masiku oyamba zinali zokoma. Foni imalira ndili mu minibasi pa Bwalo la Njobvu, uthenga wa ndalama, ine n'kutumiza fayilo pomwepo kondakitala akundiyang'ana. Palibe wa pakati, palibe kudikira. Ena ankandiyankha usiku womwewo kuti mkazi wa m'nkhani uja simunamuchitire chilungamo, zomwe palibe magazini inandipatsapo. Kenako malonda anangozizira mwadzidzidzi. Ndinadziwa chifukwa chake tsiku limene msuweni wanga wa ku Mchesi ananditumizira buku langa lomwe, ndi mawu akuti "awerengeko aka aise, kakuyenda m'magulu, n'kabwino." Sanayang'ane n'komwe dzina pachikuto. Lamulo loteteza eni luso la 2016 lilipo, a COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa eni luso, aliponso, koma mukasumira ndani? Gulu lonse la mpingo, ndi abusa omwe? Ndinaseka, kenako ndinasiya kuseka. Komabe, kudzera m'kubedwa komweko ndi momwe aphunzitsi ena a ku Kasungu anandipezera n'kundiitana kukalankhula ndi ana awo, ndiye mpaka pano sindidziwa kuti ndimukwiyire msuweniyo kapena ndimugulire Fanta.

Nanga za Amazon?

Apa ndi pamene achinyamata ambiri amalota madola, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Pa Kindle Direct Publishing, njira ya Amazon yodzisindikizira mabuku, kuika buku ndi kwaulere. Mukaligulitsa pakati pa $2.99 ndi $9.99 mumalandira 70 peresenti, koma kutsika pamenepo mumalandira 35 peresenti yokha. Nkhani imodzi yaifupi ya mlembi wosadziwika palibe angaigule kuposa masenti 99, ndiye anu ndi masenti pafupifupi 35. Pa zogulidwa ku America amadulaponso msonkho wa 30 peresenti, chifukwa Malawi alibe pangano la misonkho ndi dziko limenelo. Mwatsala ndi masenti 24 kapena 25. Kuti mufike $100 pafunika anthu oposa 400, ndipo anthu amenewo akupezani bwanji pakati pa mabuku mamiliyoni? Anzanu a ku Area 25 sangakuthandizeni, poti ambiri alibe khadi logulira zinthu pa intaneti, ndipo amene ali nalo amadziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Chinanso, Chichewa sichili pa mndandanda wa ziyankhulo zimene Kindle imalandira. Afrikaans ilipo, ife ayi. Amazon imathandiza amene ali kale ndi owerenga ku Johannesburg, ku UK kapena ku America, abale athu omwe ali kunja, osati kukupezerani owerenga.

Chimene ambiri sadziwa, ndipo chimawawa akachidziwa mochedwa, n'chakuti nkhani mukangoitulutsa mu ebook yatha unamwali. Magazini ambiri amafuna nkhani yomwe sinasindikizidwepo. Mpikisano wa Commonwealth Short Story Prize nawonso umafuna yatsopano, ya mawu 2,000 mpaka 5,000, kulowa kwake n'kwaulere, ndipo opambana m'chigawo cha Africa amalandira £2,500, wopambana onse £5,000. Chiswahili amalandira mwachindunji, koma ya Chichewa muyenera kuimasulira kaye m'Chingerezi, nkhani ina yondikwiyitsa yomwe ndiisunge tsiku lina. Caine Prize, imene Stanley Onjezani Kenani anafika nayo mu ndime yomaliza mu 2008 ndi 2012, ndi yosiyana: imafuna nkhani yosindikizidwa kale, yotumizidwa ndi wosindikiza, ndipo zodzisindikizira salandira. Ndiye mukathira zonse mu PDF imodzi chifukwa cha mkwiyo, mwadzitsekera makomo awiri nthawi imodzi.

Tsono yankho lanu, achimwene, ndi ili. Sankhani nkhani ziwiri kapena zitatu zomwe mumazikhulupirira kwambiri, muzisunge, muzizitumizabe, koma muyambe mwawerenga magazini omwe mukutumizako. Yesani a mu Africa muno ngati Lolwe ya ku Kenya, Doek! ya ku Namibia, kapena Omenana ya ku Nigeria ngati mumalemba zamatsenga ndi zam'tsogolo, ndipo musanyoze nyuzipepala zathu. Zotsalazo mupatse munthu amene sakuopani, makamaka mphunzitsi wa chiyankhulo amene mumakangana naye mu staff room, muzikonze, kenako mugulitse pa WhatsApp pa mtengo woti munthu aone kuti kupempha mnzake n'kochititsa manyazi kuposa kulipira. Ikani nambala yanu ya Airtel Money ndi Mpamba pa tsamba loyamba ndi lomaliza, kuti amene alandira yobedwa akakhudzidwa mtima adziwe kotumiza. Pangani masamba ang'onoang'ono ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa adzawerengera pa foni, ndipo fayilo isalemere kudya bandulo ya munthu. A Commonwealth amatsegula pa 1 September n'kutseka pa 1 November, choncho ija mukuiona kuti ndi yabwino kuposa zonse musaiike mu ebook chaka chino.