Mafunso Anu: Matabwa Oyala Pansi M'nyumba

Akonzi, simenti ya pansi m'nyumba mwathu inathiridwa masabata atatu apitawa. Tikufuna kuyala matabwa pabalaza pa mamita 5 mulitali ndi 4 mulifupi, ndipo kalipentala akuti tikhoza kuyamba mawa lomwe. Tivomere?

Musavomere. Simenti ya masabata atatu imakhala youma pamwamba pokha, mkati ikadali ndi madzi. Amisiri amawerengera pafupifupi tsiku limodzi pa milimita iliyonse ya simenti yosalazira pansi, choncho ya mamilimita 50 imafuna masabata 7 kapena kuposerapo, ndipo konkire yochindikala imatenga miyezi. Thabwa, ngakhale linadulidwa kalekale, limamwa chinyezi n'kufufuma, likauma n'kubwerera. Mavuto ambiri a matabwa apansi amachokera pamenepa.

Yesani chonchi: dulani pulasitiki ya masentimita 45 mbali zonse, muimate pansi ndi tepi m'mbali zonse zinayi, pamalo atatu kapena anayi, makamaka m'makona. Pakatha maola 24 matulani. Mukapeza timadontho kunsi kwake, kapena simenti itada, dikirani. Pakakhala pouma musafulumire kusangalala, funsani mmisiri ayezenso ndi makina oyezera chinyezi, chifukwa pulasitiki imangoulula chinyezi chambiri.

Kenako onani ngati pansipo ndi pa levulo. Gonekani chitsulo chowongoka cha mamita 2. Mpata wa kunsi kwake usapitirire mamilimita 3. Pokwera muperese, pokumbika mudzaze. Mukanyalanyaza, matabwa azilira mukamayenda, ndipo polumikizira pake padzathyoka.

Balaza lanu ndi masikweya mita 20, koma gulani a 22 chifukwa cha zidutswa zotayika podula. Ngati mukufuna kayalidwe ka herringbone, koyala matabwa mopendeka kuti azikumana ngati chilembo cha V, gulani a 23. Matabwa akafika, asapite pansi tsiku lomwelo. Amasuleni, muwasanje m'chipinda momwemo ndi timitengo pakati kuti mphepo izipita, kwa sabata imodzi kapena awiri, mazenera ndi zitseko zitaikidwa kale, pulasitala ndi penti zitauma. Poyala, siyani mpata wa mamilimita 10 mpaka 15 kuzungulira makoma onse, pa mafelemu a zitseko ndi pa mapaipi. Makalipentala ena amaona ngati mpatawu ndi ntchito yosalongosoka, koma umabisika ndi skirting (thabwa lozungulira m'munsi mwa khoma), yomwe imakhomedwa kukhoma osati kumatabwa. Popanda mpatawu matabwa akafufuma amakankha khoma n'kutukuka pakati pa chipinda.

Kusitolo andionetsa mitundu itatu: solid, engineered ndi laminate. Maso anga sakuona kusiyana. Nditenge uti?

Tembenuzani thabwalo muone m'mbali mwake. Solid ndi mtengo umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, kawirikawiri mamilimita 18 mpaka 20, ndipo mukhoza kuupala kangapo ukakalamba. Koma ndi umene umafufuma kwambiri, makamaka matabwa otambalala. Engineered ali ndi mtengo weniweni pamwamba, kunsi kwake kuli timatabwa topyapyala tomatidwa mopingasana ngati plywood, n'chifukwa chake sapindika msanga. Pamwamba pa simenti, ife timalimbikitsa ameneyu, bola mtengo wapamwambawo usachepere mamilimita 3, apo ayi simudzatha kuupala. Laminate ndi chithunzi cha mtengo chomatidwa pa bolodi yopangidwa ndi tizidutswa ta mitengo topanikizidwa. Sapalidwa, ndipo madzi akalowa polumikizira amatupa osabwereranso.

Ngati mtima wanu uli pa solid, sankhani mtengo wolimba ngati oak, tiki kapena mlombwa. Paini ndi wofewa, miyendo ya mipando imasiya mabowo. Pa simenti mungamate ndi guluu wa matabwa apansi, amene sauma gwa koma amatamuka thabwa likamayenda. Njira ina ndi kuyala pulasitiki yochindikala, kuika timitanda tothiridwa mankhwala a chiswe motalikirana masentimita 40, n'kukhomerapo matabwa. Msomali ulowe mopendeka pa lilime la thabwa (kambali kotuluka kamene kamalowa m'thabwa linzake) kuti thabwa lotsatira liubise. Mapeto a matabwa a mizere yoyandikana asayang'anizane. Atalikirane masentimita 20 kapena kuposa. Kubafa musayaleko matabwa a mtundu uliwonse mwa itatuyi.

Matabwa a m'chipinda chathu chogona apindika, m'mphepete mwakwera, pakati palowa. Mmisiri akuti angopala ndi makina zithe. Zoona?

Aimitseni kaye. Thabwa likapindika ngati bwato ndiye kuti kunsi kwake n'konyowa kuposa pamwamba. Fufuzani gwero: paipi yodontha, madzi a mvula odikha m'mbali mwa khoma, kapena simenti yopanda pulasitiki kunsi. Mukatseka gwerolo, matabwa opindika pang'ono amatha kuwongoka okha pakapita masabata kapena miyezi. Mukawapala ali onyowa, mudya m'mphepete mwake, ndiye akadzauma pakati padzatumphuka, ndipo mudzapalanso kachiwiri thabwa likunka lipyapyala.

Akauma, palani ndi sandipepala ya nambala 40, kenako 60, 80 ndi 120, osadumpha nambala, chifukwa mizere ya sandipepala yokhakhala imaonekera kwambiri mukapaka vanishi. Chotsani fumbi lonse, pakani vanishi wa polyurethane katatu, mukukwecha pang'ono pakati pa kupaka kulikonse.

Kodi ndingakolope matabwa monga ndimachitira ndi matailosi?

Ayi. Sesani ndi tsache lofewa, kenako pukutani ndi nsalu yofinya bwino, yoti pansi pauma m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Madzi akatayikira pukutani nthawi yomweyo, ndipo kunsi kwa miyendo ya mipando matani tinsalu tochindikala. Pakhomo ikani chopondera, chifukwa mchenga wa kunsapato ndi umene umatha vanishi msanga.