Valeri Petrov, womasulira yemwe sanasiye ulakatuli

Achemwali, mwafunsa ngati munthu womasulira mabuku a ena tingamutche mlembi, kapena ndi wongobwereza mawu a eni ake. Ine ndikuti ndi mlembi ndithu, ndipo amene amandilankhulitsa motsimikiza chonchi ndi Valeri Petrov wa ku Bulgaria.

Mkuluyu anabadwira ku Sofia, likulu la dzikolo, mu 1920, dzina lake lenileni ndi Valeri Nissim Mevorah. Bambo ake anali Myuda, katswiri wa malamulo, pomwe mayi ake, Maria Petrova, ankaphunzitsa Chifalansa. Anaphunzira udokotala pa yunivesite ya Sofia n'kumaliza mu 1944, koma mtima wake unali ku ndakatulo. Anali m'gulu la amene anayambitsa nyuzipepala ya nthabwala ya Starshel, kenaka kuyambira 1947 mpaka 1950 anakagwira ntchito ku ofesi ya kazembe ku Rome.

Mu 1970, Aleksandr Solzhenitsyn, mlembi wa ku Russia yemwe ankatsutsa ulamuliro wa Chikomyunizimu, atapatsidwa mphoto ya Nobel, bungwe la alembi ku Bulgaria linafuna kuti onse amudzudzule. Petrov anakana kuvomera nawo, ndipo chipani cha Chikomyunizimu, chomwe chinkalamulira dzikolo, chinamuchotsa umembala. Zaka zovuta zimenezo anaikirapo mtima pa Shakespeare, ntchito yomwe anali atayamba kale, mpaka anamasulira masewero ake onse m'Chibugariya. Onse, achemwali, munthu mmodzi!

Taganizirani kulemera kwake. Mbali yaikulu ya masewerowa ndi ndakatulo zokhala ndi kayendedwe kake ka mawu. Mzere uyenera kukwanira m'mpweya wa wochita sewero, asabanike pakati. Nthabwala yomwe inaseketsa anthu a ku London kalekale iyenera kuseketsa anthu a ku Sofia pamalo pomwepo, osati mawa akafunsa aphunzitsi. Dikishonale sangakuchitireni zimenezi, pamafunika khutu la mlakatuli, ndipo Petrov anali nalo. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona dzina la womasulira litabisidwa m'tizilembo ting'onoting'ono kuseri kwa chikuto.

Zakezake sanazitayenso. Analembera ana buku la nthano zisanu lotchedwa Pet prikazki, lomwe makolo a kumeneko amawerengerabe ana awo. Ndiyenso analemba nkhani ya filimu ya Yo Ho Ho ya mu 1981, imene wopanga mafilimu Tarsem Singh anaiumbanso mu 2006 n'kuitcha The Fall. Anamwalira ku Sofia mu 2014 ali ndi zaka 94.