Apu yati ndinu Libra pomwe moyo wonse mwakhala Scorpio: yankho kwa chemwali wina

Imelo yabwera Lachiwiri usiku ndipo ndayiwerenga kanayi. Chemwali wina, dzina sinditchula, akuti anabadwa pa 3 Novembala, kuyambira ali mtsikana amadziwa kuti chizindikiro chake cha nyenyezi ndi Scorpio, ndiye waika apu ina ya ku India pafoni yamuuza kuti ayi, ndinu Libra. Funso lake, lokhudza njira ziwiri zowerengera zizindikirozi, ndi ili: "Zoona ndi ziti, tropical kapena sidereal? Chibwenzi changa ndi Leo ndipo anzanga akuti Scorpio ndi Leo sakhalitsa."

Chemwali, mawu omalizawo ndi amene andisowetsa tulo. Ndiyankha, koma mundilole ndiyambe ndi zanga.

Ine ndinabadwa pa 8 Ogasiti. Za Leo ndinazimva ndili Fomu 2 kusukulu yogonera konko, mnzanga wina achemwali ake ankakhala ku Joni ndiye akabwera paholide ankamubweretsera magazini akale, ife tinkathamangira tsamba lakumapeto lija la zizindikiro za nyenyezi. Leo, mkango, wolimba mtima, wobadwira kutsogolera anzake. Ine ndinali kamtsikana kamanyazi koopsa, mkalasi sindinkakweza dzanja ngakhale yankho ndikulidziwa, ndiye kuwerenga kuti mkati mwanga muli mkango zinandipatsa mphamvu zenizeni, sindikunama. Ndinalowa dibeti chifukwa cha tsamba limenelo. N'chifukwa chake munthu akamandiuza kuti zinthuzi zimamuthandiza sindimuseka, ndikudziwa mmene zimakhalira.

Koma tsamba lomwelo linandilanda munthu. Ndili ndi zaka 24 ndikugwira ntchito ku Blantyre ndinali ndi mnyamata, mphunzitsi wa pulayimale, wobadwa pa 10 Meyi, ndiye kuti Taurus. Munthu wofatsa, ankandidikira pa siteji ya minibasi ku Limbe ngakhale mvula ikugwa, mayi anga atadwala anapita kukawaona kumudzi ine ndisanapemphe n'komwe. Ndiye ndinawerenga kuti Leo ndi Taurus onse ndi amakani, palibe amagonja, banja lawo ndi nkhondo. Kuyambira pamenepo tikangosiyana maganizo pang'ono, kaya za ndalama ya lendi kaya za kutchalitchi, ine mumtima ndinkati eya, zija zayamba. Ndinkasonkhanitsa umboni ngati ndikukonzekera mlandu. Miyezi isanu ndi itatu ndinathetsa chibwenzi, iye anafunsa kuti walakwa chani ndipo ndinalibe choyankha chomveka.

Patapita zaka ndinapita ku Durban kukasaka maganyu, ndinkagulitsa mushopu ya nsalu ndipo ndinkachita lendi kachipinda kakuseri kwa agogo ena achi Tamil ku Chatsworth. Tsiku lina pa 14 Epulo ndadzuka ndapeza akolopa paliponse, avala zatsopano, akuphika, akuti lero ndi chaka chatsopano. Ndinafunsa kuti chaka chatsopano mu Epulo bwanji agogo. Iwo akuti dzuwa lalowa mu Mesha, nkhosa, chizindikiro choyamba chimene azungu amati Aries. Ine kudzimva kuti izi ndiye ndimazidziwa ndinati Aries imayamba pa 21 Malichi. Anangomwetulira, natenga kabuku kawo ka kalendala kotchedwa panchangam, nandifunsa tsiku langa lobadwa. Akuti iwe dzuwa lako lili mu nkhanu. Cancer. Ndipo akuti kwathu dzuwa sitiliwerengera kwambiri, timafunsa kuti mwezi unali pati, unali pa nakshatra iti, kutanthauza gulu liti mwa magulu 27 a nyenyezi amene mwezi umadutsamo. Ndinafunsa mwamantha za 10 Meyi. Akuti ameneyo ndi Mesha.

Ndiye kuti pa mawerengedwe a agogowo ine sindinali Leo, iyenso sanali Taurus. Usiku umenewo ndinalira, osati chifukwa ndinkafuna kubwererana naye, anali atakwatira kale ali ndi mwana, koma kuti ndinamuweruza munthu ndi muyeso umene sindinafunsepo kuti unachokera kuti.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga ngati wamisala, ndipo zimene ndinapeza ndi zosavuta kwenikweni. Munasewerapo nguli? Ikamazungulira, makamaka mphamvu ikamatha, mutu wake umapendama n'kumajambula kabwalo mumlengalenga pang'onopang'ono. Dziko lathu limachita chimodzimodzi chifukwa dzuwa ndi mwezi zimalikoka pamimba pake potukuka paja, kungoti kabwalo kamodzi kamatenga zaka pafupifupi 26,000. Chifukwa cha kupendama kumeneku, malo amene dzuwa limakhala pa tsiku la mu Malichi limene usana ndi usiku zimalingana amasuntha pakati pa nyenyezi, digiri imodzi pa zaka 72 zilizonse. Pa moyo wa munthu mmodzi simungazindikire. Anazindikira ndi Hipparchus, Mgiriki wa pachilumba cha Rhodes, cha m'ma 130 Yesu asanabadwe, poyerekeza miyeso yake ndi ya anthu amene anayeza zaka zoposa 100 iye asanatero.

Zizindikiro 12 zija, chilichonse madigiri 30, anazikonza ndi a ku Babulo cha m'ma 400 Yesu asanabadwe, ndipo iwo ankazimangirira ku nyenyezi. Kenaka Ptolemy wa ku Alexandria, m'zaka za m'ma 100 Yesu atabadwa, analemba kuti Aries iziyambira pa tsiku lolingana usana ndi usiku lija. Nthawi yake zinalibe vuto chifukwa ziwirizi zinali pafupifupi pamodzi. Azungu anatsata Ptolemy, imeneyo ndiye tropical, imatsata nyengo. A ku India anakhalabe pa nyenyezi, imeneyo ndiye sidereal. Zaka zikupita nguli ikupendama, lero zatalikirana madigiri pafupifupi 24, kutsala pang'ono chizindikiro chathunthu. Pa 21 Malichi magazini akamati dzuwa lalowa mu Aries, kumwamba kwenikweni lili pakati pa nyenyezi za Pisces.

Poyamba ndinkauza anthu kuti zonse ndi zabwino, ndi miyeso iwiri chabe ngati mailosi ndi makilomita. Pano sindinenanso choncho, ndipo apa ena mukwiya. Tropical imadzitama kuti imatsata nyengo, chabwino, koma nyengo za ndani? Aries akuti ndi chiyambi, mphamvu, zomera kuphukira, chifukwa ku Greece ndi ku London kumapeto kwa Malichi chisanu chikutha. Kwathu kumapeto kwa Malichi mvula ikutsazika, tikuotcha mondokwa, maungu ali mbwee, palibe chikuphukira. Leo akuti ndi moto chifukwa Ogasiti kwawo dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinabadwa mwera ukuwomba panyanja, mayi amanena kuti anandikulunga mabulangete awiri. Moto wake uti? Kutentha kwathu ndi Okutobala, pamene iwo masamba akuyoyoka. Capricorn akuti wozizira mtima, wopirira ngati chisanu cha Januwale, ife Januwale tili m'munda kupalira ndi kubandira thukuta lili kamukamu. Alipo okhulupirira nyenyezi ena akumwera kuno amene amati ndiye tizitembenuza zizindikirozo, Aries ikhale Libra, koma ambiri amangopitiriza ngati funsolo kulibe. Ine ndimaona kuti tinangolandira kalendala ya nyengo za eni ake n'kumadziyeza nayo khalidwe, ndipo zimandiwawa kuti palibe anatiuza.

Ngakhale zija za munyuzipepala zongofunsa mwezi wobadwa si zakale ayi. Zinatchuka kuyambira 1930 pamene nyuzipepala ya Sunday Express ku Britain inapempha R. H. Naylor kuti alembe za tsogolo la Princess Margaret atangobadwa, anthu anazikonda, ndiye zinasanduka za sabata ndi sabata. Tsamba limene ine ndinasiyira munthu linayamba ngati njira yogulitsira nyuzipepala.

Ndikakumbuka agogo anga aakazi ku Ntcheu mtima umandipweteka kwambiri. Iwo sankadziwa Leo kapena Taurus koma kumwamba ankakudziwa kuposa ine ndi magazini anga onse. Madzulo a Novembala tili pamkeka ankatiloza Nsangwe zikutuluka kum'mawa kuti mbewu zikhale pafupi, kenaka Akamwiniatsatana akubwera pambuyo, m'bandakucha ankatidzutsa ndi Nthanda. Nsangwe zimenezo zili mu gulu la nyenyezi lomwe azungu amati Taurus, ine zaka zonse ndinkatchula Taurus pakamwa osadziwa kuti ndinkaiona ndili mwana. Agogo nyenyezi zinkawauza nthawi, basi. Sindinawamvepo akuti usakwatiwe ndi uje chifukwa anabadwa mwezi wakuti. Ankafunsa kuti kwawo n'kuti, amamwa kapena ayi, amawalankhula bwanji amayi ake. Mayi anga ndi a Mvano, iwo zonsezi amangoti kuombeza, tinakanganapo kambiri, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ndiye sidereal ndiyo yoona?

Apa ndi pomwe ambiri amathamangira, ndipo inenso ndinathamangira. Chaka chathunthu ndinkadzitcha Cancer, ndikuwerenga kuti Cancer ndi wachifundo, wokonda pakhomo, wosunga zakukhosi, ndipo ndinkati eeh ndine ndendende. Mmene ndinkanenera za Leo muja. Tsiku lina ndinadzigwira ndekha kuti kodi munthu mmodzi ndingakwane bwanji ndendende m'malaya awiri osiyana chonchi.

Sidereal ili pafupi ndi kumwamba kwenikweni, zimenezo sindikana, ndipo ndimailemekeza chifukwa anthu mamiliyoni amayendetsera zikondwerero zawo. Makar Sankranti ku India imachitika pa 14 kapena 15 Januwale dzuwa likamalowa mu Capricorn ya sidereal, pomwe tropical imati linalowa kale cha pa 21 Disembala. Songkran ya ku Thailand pakati pa Epulo ndi nkhani yomweyo ya dzuwa kulowa mu Mesha. Koma nayonso sidereal si imodzi. Kusiyana kwa madigiri kuja amakutcha ayanamsa, ndipo eni akewo sagwirizana kuti ndi angati. Boma la India linachita kukhazikitsa komiti mu 1952, wapampando wake wasayansi Meghnad Saha, kuti akonze makalendala ambirimbiri amene ankasemphana, ndipo muyeso umene unatchuka ndi wa N. C. Lahiri, umene umaika nyenyezi ya Spica pa madigiri 180 n'kunena kuti njira ziwirizi zinali pamodzi m'chaka cha 285 Yesu atabadwa. Azungu otsata sidereal ali ndi wawo wa Cyril Fagan ndi Donald Bradley wosiyana ndi wa Lahiri pafupifupi digiri imodzi. Wobadwira m'malire apu ina imuuza china, ina china.

Komanso kumwamba sikunagawidwe magawo 12 ofanana. Pa malire amene akatswiri a zakuthambo anasindikiza mu 1930, dzuwa limakhala mu Virgo masiku opitirira 40, mu Scorpius sabata imodzi yokha kumapeto kwa Novembala, kenaka limalowa mu Ophiuchus mpaka cha pa 17 Disembala, gulu limene tropical ndi sidereal onse saliwerengera. Zija zimazungulira pa WhatsApp chaka ndi chaka kuti NASA, bungwe la ku America la zakuthambo, yasintha zizindikiro n'zimenezi, palibe anasintha kanthu, Ophiuchus anali pomwepo kuyambira kale, Ptolemy yemwe anamulemba pamndandanda wake.

Ndipo ndinene mosabisa, za khalidwe la munthu ndi za banja ine sindikhulupiriranso iliyonse mwa ziwirizi. Mu 1985 magazini ya sayansi ya Nature inasindikiza kafukufuku wa Shawn Carlson, akatswiri a nyenyezi anapatsidwa tchati cha munthu, chosonyeza mmene kumwamba kunalili pamene ankabadwa, kuti asankhe khalidwe lake pa atatu, ndipo analondola kamodzi pa katatu, chimodzimodzi kungolota. Alipo amatsutsa kafukufukuyo, awerengeni nawonso. Koma ine umboni wanga waukulu ndi mnyamata uja ataima pa siteji ku Limbe ndi ambulera.

Tsono yankho lanu chemwali. Pa tropical ndinu Scorpio, cha pa digiri 11. Chotsani 24, mubwerera mu Libra cha pa digiri 17, apu sinalakwitse, ndipo pa 3 Novembala dzuwa limakhaladi pakati pa nyenyezi za Libra. Aliyense amabwerera chizindikiro chimodzi kupatula obadwa masiku asanu ndi limodzi omaliza a chizindikiro chawo, ndiye bwenzi lanulo ngati anabadwa pasanafike pa 17 Ogasiti, pa sidereal ndi Cancer. Mukafuna kupitiriza kuwerenga sankhani njira imodzi, musatenge tsiku la sidereal n'kukawerenga tanthauzo mu magazini ya tropical, ndipo ya ku India imafuna ola lobadwa ndi malo, kafunseni amayi kapena muone pa kabuku ka kusikelo ngati kalipo.

Za chibwenzicho, anzanuwo afunseni kuti aona chani mwa mnyamatayo, osati mwezi wake. Ngati amakumenyani, amakunamizani, amakunyozani pagulu, mundilembere imelo ina tikambirane bwinobwino. Ngati mlandu wake ndi Ogasiti yekha, chonde musachite zimene ndinachita ine.

Julayi akafika, magetsi akazima cha m'ma 8 koloko usiku, tulukani naye panja muyang'ane pamwamba pa mutu. Muona nyenyezi zopindika ngati mchira wa chinkhanira ndi ina yofiirira pakati, imeneyo ndi Antares. Scorpius wanu uja ndi ameneyo, kwathu kuno amaoneka bwino kuposa ku London.