Mlatho wa njanji umene umatembenuka kuti sitima zapamadzi zidutse

Mmodzi mwa inu owerenga wandilembera imelo: "Bwanji osangomanga mlatho m'mwamba, sitima zapamadzi zizidutsa kunsi, m'malo mwa wozungulirawu? Nanga sitima yapamtunda singagwere mumtsinje?"

Yankho la funso loyambalo lili m'mawilo. Chitsulo pa chitsulo chimaterereka, choncho sitima yapamtunda yolemera sikwera chitunda chachikulu. Njanji ikamakwera mita imodzi pa mamita 100 aliwonse, kuti ifike mamita 30 pamwamba pa madzi pafunika makilomita 3 tsidya lino, enanso 3 tsidya linalo. Ndalama zake n'zosaneneka. Ndiye amisiri anausiya mlatho m'munsi, n'kukhazika chigawo chimodzi pa chipilala kuti chizizungulira ngati muvi wa kampasi. Mikono yake iwiri imalemera mofanana, motero sichifuna injini yaikulu. Mlatho wotere wa ku Goole, pa mtsinje wa Ouse ku England, unatsegulidwa mu 1869 ndipo sitima zikudutsapobe.

Funso lachiwirilo ndi limene landigwira mtima. Kutsegula mlatho si nkhani, ntchito ili pa kutseka. Ukabwerera m'malo mwake, makina amakankha zitsulo kunsi kwa nsonga zake kuti usagwedere, maloko n'kugwira, njanji n'kukumana ndendende. Chimodzi chikapanda kutheka, getsi la woyendetsa sitima limakhalabe lofiira. Koma zitsulo zimakalamba, komanso zimafutukuka kukatentha. Pa mlatho wa Portal Bridge ku New Jersey, m'dziko la America, womangidwa mu 1910, antchito nthawi zina ankachita kumenya njanji ndi nyundo zikuluzikulu kuti zibwerere, sitima za ku New York zili ndondondo kudikira.

Choopsa kwambiri chimachokera pamadzi. Pa 22 September 1993, bwato lokankha mabwato onyamula katundu linasochera m'nkhungu, limodzi mwa mabwatowo n'kugunda mlatho wa Big Bayou Canot ku Alabama, ku America komweko. Chigawo chimene chinagundidwacho anachikonza kuti mwina chidzazungulire mtsogolo, ndipo sichinamangiriridwe mokwanira. Chinasuntha pafupifupi mita imodzi. Njanji zinapindika osaduka, motero getsi linakhalabe lobiriwira, sitima yonyamula anthu ya kampani ya Amtrak n'kugwera m'madzi. Anthu 47 anafa.

Choncho nkhawa yanu ndi yomveka ndithu. Ine ndimaona kuti pamene sitima zapamtunda n'zochepa mlatho wozungulira ndi wokwanira, bola uzisamalidwa. Pamene zachuluka, maganizo anu aja ndi amene apambana: Portal North Bridge, wolowa m'malo mwa wakale uja, ndi wosasuntha, pafupifupi mamita 15 pamwamba pa madzi.