Belu la kwanu lang'aluka, koma musalitengere kwa ogula zitsulo

Adzukulu anga,

Uthenga wanu ndaulandira, ndipo ndaumvetsera kawiri chifukwa makutu anga masiku ano safulumira. Mwati ndinu ana a mudzi umodzi wa ku Dowa, ena mumakhala ku Rosettenville, ena ku Diepsloot, ena ku Tembisa. Mwati belu la tchalitchi cha kwanu linang'aluka, likalira limangoti phwaa ngati ndowa yobooka. Munasonkha marandi kuti mugule chimkuzamawu ndi sola, belulo mulitsitse, muligulitse kwa ogula zitsulo zakutha, ndalama yake ithandizire kugula malata. Akulu ampingo akana. Ndiye mmodzi wa inu analemba pa gulu la WhatsApp kuti ndalama ndi zanu, madala asakuchedwetseni, ndipo kuyambira tsiku limenelo mkulu wampingo sakuyankhanso foni. Mukufunsa kuti mwalakwa pati, poti inu mukufuna chitukuko.

Ndiyambe ndi kukuthokozani. Ndikudziwa mmene randi imavutira kuno ku Joni. Wina wa inu amadzuka kusanache kukasesa pabwalo la bwana, wina amachapa ndi kusita tsiku lonse, lendi ikumudikira. Munthu wotere akamachotsa pa malipiro ake kukumbukira tchalitchi cha kwawo, ndiye kuti analeredwa. Pamenepo palibe mlandu. Mlandu uli pa kufuna kugulitsa chinthu chomwe simunafunse kuti chinabwera bwanji, komanso pa mawu aja.

Kodi alipo mwa inu amene akudziwa amene anabweretsa belulo? Funsani. Mipingo ya kwathu kuchigawo chapakati inayambira ku Mvera m'chaka cha 1889, pamene Andrew Charles Murray ndi mnzake Vlok, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera m'dziko lino lomwe tikukhalali, anamanga misasa yawo. Nkhoma inatsatira mu 1896. Nthawi imeneyo kunalibe njanji yofika kwathu. Sitima yapamtunda inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo ku Salima inadzafika mu 1935. Katundu wolemera wochokera kunja ankalowera ku Chinde, kukwera mtsinje wa Zambezi ndi Shire, kenako n'kugwera pa mapewa a amtengatenga. Ngati belu lanu ndi la m'masiku amenewo, dziwani kuti alipo agogo a munthu wina m'mudzi mwanu momwemo amene anasupuka phewa nalo, atalikoleka pamtengo, akuimba nyimbo kuti mtunda ufupike. Ndipo si tchalitchi chilichonse chinali ndi mwayi wotere. Nyumba zamapemphero zambiri zinkaitana anthu ndi ng'oma, zina mpaka lero zimamenya limu ya galimoto kapena chidutswa cha njanji chopachika pamtengo wa mango. Mudzi wokhala ndi belu lenileni unkadziwika kutali.

La kwathu ku Dedza sanabweretse ndi amishoni. Anagula ndi amuna a pa Wenela, anzawo a bambo anga, amene ankakumba golide pansi pa nthaka yomwe inu mukuyendapo leroyi. Ankasonkha pang'onopang'ono m'makomponi mpaka ndalama inakwana. Ena mwa iwo anabwerera ndi chifuwa cha m'migodi, ndipo belu lomwe anagulalo ndi lomwe linawalirira. Inenso ndinadzalowa Wenela yomweyo ndili mnyamata, ndipo ndinali kuno mu Epulo 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha a Malawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo, Kamuzu n'kuletsa ulendo wa kumigodi. Choncho musaganize kuti ndinu oyamba kutumiza ndalama ya ku Joni kutchalitchi. Anakutsogolerani alipo. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo atafika nalo belu anakalitula m'manja mwa akulu ampingo ndi anyakwawa, n'kukhala pansi pamphasa. Kuyambira tsiku limenelo silinalinso la a Wenela. Linali la mudzi.

Inu munakula muli ndi mafoni, ndiye mwina simudziwa kuti belu limayankhula. Lamulungu m'mawa belu loyamba linkatanthauza kuti samba, zima moto, nyamuka. Lachiwiri linkatanthauza kuti amene ali panjira akoke miyendo. Limeneli linkalira mokondwa, ngee ngee ngee, mosadukiza. Koma linalipo lina. Ndikukumbukira m'mawa wina wa m'nyengo yachisanu, mayi anga akusinja chimanga kuseri kwa nkhokwe. Belu linalira kamodzi, ngeee, n'kukhala chete. Mayi anaima musi uli m'mwamba. Linaliranso kamodzi, patapita kanthawi. Anatsitsa musi pang'onopang'ono, kuutsamiritsa pamtondo, kuvundikira mphale ndi lichero, n'kumanganso chitenje chawo. Sanafunse munthu. Anangoti, "Agogo aja atisiya," n'kulowa m'nyumba kukatapa ufa wopita nawo kusiwa. Amuna omwe anali kudimba anabwerera makasu ali paphewa. Palibe amene anatumidwa kukauza anthu, koma dzuwa lisanakwere mudzi wonse unali pakhomo la maliro. Anzathu a Katolika nawo ali ndi mwambo wawo: belu la m'mawa, la masana ndi la madzulo lowakumbutsa kupemphera, ndipo kuyambira Lachinayi Loyera madzulo mpaka usiku wa Pasaka belu lawo limakhala duu, kulira Ambuye.

Mkulu wampingo amene mwamukhumudwitsayo, belu limenelo linalirira amayi ake, mwina linalirira ndi mwana wake. Tsono inu mukumuuza kuti likapimidwe pasikelo, pa kilo pa kilo, pamodzi ndi mapoto obooka. Inu nomwe mumaona kuno mmene akuba amadulira mawaya a magetsi usiku chifukwa cha kopa, mpaka mawiki kukhala mumdima. Wogula zitsulo saona belu. Amaona kopa basi, ndipo mawa lake lidzakhala litaphwanyidwa ndi nyundo.

Tsono za mng'aluwo. Belu labwino amaliumba ndi kopa magawo anayi, ndi gawo limodzi la chitsulo choyera chofewa chotchedwa tini. Kusakaniza kumeneku n'komwe kumalipatsa mawu okoma opita kutali, koma n'komwenso kumalichititsa kuti likhale losachedwa kusweka. Likang'aluka, mawu amafera pamng'alupo. Zong'alula belu ndi zodziwika. Kachitsulo kolendewera m'kati kakamamenya malo amodzimodzi zaka zambirimbiri, pamalopo pamadyeka, n'chifukwa chake odziwa amalitembenuza belu kuti kazimenya pena. Mitengo yolipachikapo ikadyedwa ndi chiswe, limagwa. Koma choopsa kwambiri ndi dzanja la munthu.

Apa ndiulule tchimo langa. Ndili ndi zaka ngati 14, chingwe cha khonje cha belu la kwathu chinaduka Loweruka madzulo. Amene ankaliza anali atadwala, ndiye anandituma ine. M'malo mokapota chingwe china, ndinakwera pamtengo ndi nkhwangwa, n'kumalimenya ndi kumbuyo kwake m'mphepete. Linalira kwambiri, ine n'kumanyada kuti amva mpaka kutsidya kwa dambo. Ndinachita zimenezi masabata angapo. Lina Lamulungu mawu anasintha, anakhala ngati munthu wa chimfine. Mkulu wampingo anakwera, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa belu, n'kupeza kamzere kochepa ngati ulusi. Sanandimenye. Anangondiitana kuti ndiike chala changa pomwepo, ndimve ndekha. Mpaka lero chala chimenechi chimakumbukira. Ndiye musanaweruze kuti belu lanu lakalamba, fufuzani ngati kulibe mwana wina amene akulimenya ndi mwala chifukwa mpingo unalephera kugula chingwe. Ngati ndi choncho, lisiyeni kulira lero lomwe, chifukwa mng'alu umakula nthawi iliyonse likamenyedwa. Pakadali pano apachike limu.

Ndipo chonde musaitane wowotcherera mageti wa pa tiredi senta kuti adzaliwotcherere. Makina ake ndi a chitsulo wamba. Belu limafuna mmisiri wodziwa mkuwa, amene amalitenthetsa lonse bwinobwino asanatseke mng'alu, n'kulizizitsa pang'onopang'ono. Wosadziwa amangoonjezera ming'alu ina. Musalipakenso penti pofuna kulikongoletsa. Tumani mwana wanzeru akwere, apukute fumbi ndi nsanza, ajambule zilembo zomwe zili pathupi pake. Mabelu ambiri akale amakhala ndi dzina la amene analiumba ndi chaka chake. Zimenezo azilembe m'buku la mpingo, pamodzi ndi zomwe okalamba a m'mudzimo akukumbukira, adakali moyo. Likapezeka kuti silingakonzeke, aliike m'tchalitchi pakona, ana a sande sukulu aziligwira, ndipo inu mugule lina.

Chimkuzamawu sindikuchida ayi. Abusa akamalalikira, okalamba akumbuyo amve, n'chinthu chabwino. Koma pa ntchito yoitana mudzi sichingalowe m'malo mwa belu. Batire imatha, mvula ikachita masiku atatu sola imagona, ndipo akuba amachikonda. Belu limangofuna chingwe ndi munthu wodzuka m'mawa.

Sindikuti akulu ampingo alibe polakwa. Belu silimang'aluka tsiku limodzi, ndipo anayenera kuliyang'anira. Mulinso ndi ufulu wofunsa mmene ndalama yanu yagwirira ntchito, ndi kuona malisiti. Munthu wamkulu wokana kuonetsa lisiti ndimamudzudzula ine ndemwe. Koma zimenezi zimafunsidwa mwaulemu, kudzera kwa mlembi ndi msungichuma wa mpingo, osati pagulu pomwe pali ana ndi apongozi. Nyumba ya mwini saotchera mbewa. Inu muli kuno, iwo ndi amene amasesa m'tchalitchimo, amakumba manda, amayendera odwala, kuphatikizapo makolo anu omwe munawasiya. Tsiku lina thupi la mmodzi wa ife likadzadutsa pa Beitbridge ndi pa Mwanza kapena pa Dedza m'bokosi, odzalilandira ndi madala omwewo.

Iwe mdzukulu wanga amene unalemba mawu aja, sindikukudziwa dzina koma ndikuyankhula nawe. Usapepese pa WhatsApp. Uimbire amalume ako kumudzi, uwafotokozere zonse osabisa, uwapemphe apite okha kunyumba kwa mkulu wampingoyo atanyamula nkhuku ndi paketi ya shuga. Akakhala pansi, akuimbire, iwe uyankhule ndi pakamwa pako: "Bambo, ndinalakwa, ndinayankhula ngati mwana wopanda mwambo." Usaonjezerepo "koma". Akakukhululukira, usayambe ndi nkhani ya ndalama. Uwafunse kuti, "Bambo, kodi belu lija linabwera bwanji?" Ukhale ndi mayunitsi okwanira tsiku limenelo, chifukwa adzayankhula nthawi yaitali.

Zithunzi za zilembo zija zikafika, mudzabwere nazo kwathu kuno ku Turffontein Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, tidzaziwerenge limodzi. Mudzabwerenso ndi kope lanu la zosonkha. Ndasunga marandi 200 a chingwe chatsopano ndi mitengo iwiri ya bulugamu yothira mankhwala a chiswe.

Ndine agogo anu.