Chifukwa chake tizilombo ta kumtunda kwa mtsinje timasiyana ndi ta kumunsi

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mukavundukula miyala kumtunda kwa mtsinje wa Lunkhwakwa mumapeza tizilombo tamitundumitundu, koma kumunsi kwa tauni ya Chipata mumangoona timphutsi tofiira m'matope. Nkhani yagona pa mpweya wa m'madzi.

Madzi ozizira othamanga pamiyala amasunga mpweya wa okosijeni wambiri. Kumeneko n'kumene mumapeza tiana ta tizilombo topyapyala ta michira itatu, tomatirira pansi pa mwala, ndi tina todzimangira tinyumba ta mchenga ndi timitengo. Timeneti sitipirira uve kwenikweni. Madzi a m'zimbudzi ndi feteleza wokokoloka m'madimba zikalowa mumtsinje, ndere zimachuluka, ndipo zikamawola zimamaliza mpweya. Timphutsi tofiira tija timapirira chifukwa magazi ake ali ndi hemoglobin, yomwe imagwira mpweya ngakhale utachepa.

Chimene chimandiwawa mtima ine ndi kudula mitengo m'mbali mwa mtsinje. Mthunzi ukachoka madzi amatentha, masamba amene tizilombo tina timadya amasowa, ndipo mvula ya mu Disembala imakokolola dothi n'kukwirira mipata ya pakati pa miyala momwe timabisala.

Mukapitenso mu Okutobala mtsinje utaduka n'kutsala zithaphwi. Mudzapezamo kwambiri mphutsi za udzudzu ndi ana a tombolombo amene amazidya.